Njinga Ikapuma M'chisanu, Kodi ku Jimu Tilowe Kalasi Iti?

M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa la mu Lusaka limachita ulesi. Limatuluka cha m'ma 06:30, ndipo nthawi isanakwane 18:00 limakhala litalowa kale. Kwa munthu amene amayamba ntchito 08:00 m'tauni naweruka 17:00, maola onse owala amathera mu ofesi, m'sitolo kapena m'kalasi. Iwo amene m'mwezi wa Okutobala amanyamuka mbandakucha ndi njinga zawo kutsata msewu wa Leopards Hill, kapena wa Great East kulowera ku Chongwe, tsopano akatsegula chitseko amakumana ndi mdima ndi mphepo yoluma zala. Mzinda wathu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, motero masiku ena m'mawa kuzizira kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Chisanu chikamatha, Ogasiti amabwera ndi mphepo yake ya fumbi. Njinga imayedzekedwa kuseri kwa chitseko kwa mlungu umodzi chabe, koma mlunguwo umasanduka miyezi itatu.

Bambo amene amalowa mumzinda tambala asanalire, matumba a makala atasanjikidwa kumbuyo kwa njinga yake, safuna uphungu wa jimu. Ntchito yake ndiyo jimu yake, ndipo nyengo siimpatsa tchuthi. Ambiri a ife amene tinakulira Kum'mawa, kumene fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inkatulutsa njinga za Eagle, tinaidziwa njinga mwa njira yomweyo, monga chida cha ntchito chofanana ndi khasu. Koma mu Lusaka muno mwabuka gulu lina la opalasa: amayi ndi abambo okhala pampando tsiku lonse, amene dokotala anawachenjeza za kuthamanga kwa magazi, za shuga kapena za kunenepa, ndipo anasankha njinga kuti ikhale mankhwala awo. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Zambia amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo mmodzi mwa anayi ndi wonenepa kupitirira muyeso. Kwa anthu otere, kuleka kupalasa kwa miyezi itatu kuli ngati kuleka kumwa mankhwala.

Tinenenso kuti kwathu kuno nyengo zotseka njinga m'nyumba zilipo ziwiri. Chisanu ndi imodzi. Ina ndi dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene madzi amabisa maenje a m'misewu. Zimene tikambe pano zithandiza pa nyengo zonse ziwiri.

CHIMENE CHIMATAYIKA MUNTHU AKALEKA

Musanapereke ndalama ku jimu iliyonse, nkwabwino kudziwa chimene mukufuna kusunga. Mu 1984 katswiri wina wa ku America, Edward Coyle, ndi anzake anapempha anthu ozolowera kuthamanga ndi kupalasa njinga kwa zaka zambiri kuti alekeretu masewera onse. Patangopita masiku 21, mphamvu ya matupi awo yokoka mpweya wa okosijeni ndi kuugwiritsa ntchito inali itatsika ndi 7 peresenti. Pofika masiku 56 inali itatsika ndi 16 peresenti. Choyamba kuchepa ndi madzi a m'magazi. Magazi akachepa, mtima umatumiza ochepa pa kugunda kulikonse, ndiye umayenera kugunda mofulumira kuti ugwire ntchito yomwe kale unkaigwira mosavutika. Nchifukwa chake munthu amene anaika njinga m'mwezi wa Meyi, akaitulutsa mu Seputembala amadabwa kuti kachitunda kamene ankakakwera akucheza ndi mnzake tsopano kakumupumitsa wefuwefu.

Komatu pali uthenga wotonthoza. Katswiri winanso, Robert Hickson wa ku Chicago, anachita kafukufuku wotsatizana pakati pa 1981 ndi 1985. Anthu ake ankapalasa njinga ndi kuthamanga mphindi 40 pa tsiku, masiku 6 pa mlungu, kwa milungu 10. Pambuyo pake ena anawachepetsera masiku kufika pa awiri okha pa mlungu, ndipo kwa milungu 15 mphamvu yawo yokoka mpweya siinatsike. Ena anawachepetsera mphindi, ndipo nawonso anasunga gawo lalikulu la zimene anapeza. Koma iwo amene anawauza kuti azichita masiku onse ndi mphindi zonse, kungoti mofewa, ndiwo anataya mphamvu.

Phunziro lake nlofunika kwa munthu wa banja amene nthawi ndi ndalama zimamuchepera. Simufunika kupita ku jimu tsiku ndi tsiku. Masiku awiri pa mlungu akwanira kusunga mtima ndi mapapo, malinga ngati pa masiku awiriwo mugwiradi ntchito yolimba, yoti pa mphindi zina simungathe kulankhula mawu oposa atatu kapena anayi osapuma. Kuyenda pang'onopang'ono pamakina uku mukuwerenga mauthenga pa foni kuli ndi ubwino wake, koma miyendo ya pa njinga sikuisunga.

NJINGA YOSAYENDA

Kalasi imene wopalasa aliyense amaiganizira poyamba ndi ya spinning, m'mene anthu amakwera njinga zoima pamalo amodzi, nyimbo zikulira, mlangizi ali kutsogolo. Anaiyambitsa ndi Johnny Goldberg, wobadwira ku South Africa amene anasamukira ku California. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 iye ankakonzekera mpikisano wodutsa dziko lonse la America pa njinga, ndipo poti ankachita zokonzekerazo usiku, tsiku lina galimoto inatsala pang'ono kumugunda. Anaganiza zopanga njinga yolimba yoti azipalasira kunyumba. Ndiye kuti kalasi imeneyi inabadwa kuchokera ku vuto lomwe tili nalo ifeyo, la mdima ndi magalimoto. Aliyense amene anaonapo m'mene minibasi imakhotera mwadzidzidzi pa siteshoni ikaona wokwera angamvetse mantha a bamboyu.

Pa kusunga mtima ndi miyendo ya wopalasa, palibe kalasi yoposa imeneyi, pakuti minofu imene imagwira ntchito ndi yomweyo, ndipo imayenda mwa njira yomweyo. M'chipinda mulibe maloboti, mulibe potsetsereka pongokhala pachishalo, motero mphindi 45 za m'menemo zimalemera kuposa ola lathunthu la m'misewu ya m'tauni.

Koma sikuti kalasi iliyonse ya njinga zoima ndi yothandiza wopalasa. Zina zinasanduka gule wa pa njinga: kudzuka ndi kukhala pa masekondi awiri alionse, kupinda mikono pa mahandulo, kupalasa mwaliwiro loopsa njinga ilibe kulemera kulikonse mpaka matako akudumphadumpha pachishalo. Zimasangalatsa, thukuta limatuluka, koma mawondo ndi msana ndizo zimalipira. Thukuta nalonso lisatinamize. M'chipinda chotsekedwa chopanda fani munthu amanyowa chifukwa cha kutentha, ngakhale ntchito imene wagwira ili yochepa. Pamsewu mphepo imaumitsa thukuta, m'chipinda mulibe mphepo.

Mlangizi wabwino mumamudziwa musanayambe n'komwe. Akaona mlendo amatsika pa njinga yake kudzamukonzera chishalo. Chishalo chiyenera kukhala cha m'chiuno mukaima pambali pa njinga, ndipo mukakhalapo, phazi lili pansi penipeni, bondo likhale lopindika pang'ono chabe. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteka bondo kutsogolo, chokwera kwambiri chimagwedeza chiuno uku ndi uku. Ngati muli ndi njinga yanu imene munaizolowera, yesani ndi tepi kutalika kwake kuchokera pachishalo kufika pa chopondera chili pansi, mulembe pa kapepala, mupite nako. Mlangizi wabwino amagawanso nthawi momveka: mphindi 10 zotenthetsa thupi, kenaka mphindi zitatu kapena zinayi zolimba zotsatana ndi mphindi zopumirako, mobwereza kangapo, ndipo pomaliza kuziziritsa thupi. Ndipo sakuchititsani manyazi pamaso pa anzanu mukachepetsa kulemera kwa njinga.

Pa mfundo yomalizayi tichenjezane kwambiri. Madokotala a m'maiko angapo alemba za anthu amene anagonekedwa m'chipatala atachita spinning mopyola muyeso, ndipo ambiri mwa iwo linali tsiku lawo loyamba. Minofu ya m'ntchafu ikaphwanyika kwambiri, zotuluka m'menemo zimalowa m'magazi ndi kukatseka impso. Zizindikiro zake ndi ntchafu zotupa ndi zopweteka koopsa patapita tsiku limodzi kapena awiri, kulephera kupinda mawondo, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Woona zimenezi asadikire, asagule mapilitsi ochepetsa ululu pa kantemba, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Matendawa sachitika kawirikawiri, ndipo kuwapewa nkosavuta: tsiku loyamba chitani theka la zimene anzanu akuchita, ndipo imwani madzi. Munthu wa zaka zopitirira 40 amene ali ndi vuto la mtima, la magazi kapena la shuga ayambe waonana ndi dokotala wake asanalowe kalasi yolimba ya mtundu uliwonse.

CHIMENE NJINGA SIINAKUPATSENI

Tsono pano ndi pamene ambiri amalakwitsa. Munthu wokonda njinga akalipira ku jimu amathamangira ku njinga yoima masiku onse, ngati mlendo wopita ku ukwati nakadya nsima ya ndiwo zomwe wasiya kwawo. Chikhalirecho chuma chenicheni cha jimu kwa wopalasa chili ku ngodya ina, kumene kuli zitsulo.

Njinga ili ndi ubwino waukulu wakuti imanyamula thupi lanu, ndipo nchifukwa chake madokotala amailimbikitsa kwa onenepa ndi a mawondo opweteka. Koma ubwino womwewo ndiwo chilema chake. Fupa limalimba likamasenza katundu ndi kugundidwa, monga poyenda, pothamanga, polima ndi posenza mtsuko. Pa njinga fupa silisenza kanthu. Akatswiri amene anayeza mafupa a anthu opalasa njinga zampikisano kwa zaka zambiri osachita masewera ena anapeza kuti ambiri mafupa awo a msana ndi a m'chiuno ndi opepuka kuposa a anzawo a msinkhu womwewo. Kwa mayi amene wasiya kusamba, amene mafupa ake ayamba kale kuchepa mphamvu mwachibadwa, nkhani imeneyi ndi yofunika kuposa liwiro lililonse la pamsewu. Ndiponso wopalasa amakhala chowerama, monga m'mene amakhalira pa desiki mlungu wonse. Minofu ya kutsogolo kwa chiuno imafupika, ya m'matako ndi ya kumsana imafooka, khosi limauma.

Malangizo amene World Health Organization inatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera ofulumizitsa mtima kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena 75 mpaka 150 ngati ali olimba. Gawo limenelo opalasa ambiri amalikwaniritsa mosavuta. Koma malangizo omwewo amawonjeza kuti azilimbitsanso minofu ikuluikulu ya thupi masiku awiri pa mlungu, ndipo gawo ili ndilo ambiri sanalimvepo.

Ena amaopa kuti zitsulo zidzawatupitsa thupi nkuwalemetsa pa chitunda. Amayi enanso amaopa kuoneka ngati amuna. Mantha onsewa alibe maziko. Ku Lillehammer m'dziko la Norway, Bent Rønnestad ndi anzake anayesa zimenezi pa opalasa ampikisano. Gulu limene linawonjezera kunyamula zitsulo zolemera kawiri pa mlungu kwa milungu 12 linayamba kupalasa mwamphamvu kuposa gulu limene linangopalasa, makamaka chakumapeto kwa ulendo wautali pamene miyendo yatopa. Ndipo nyengo ya mipikisano itafika, kunyamula kamodzi kokha pa mlungu kunakwanira kusunga mphamvuyo. Milungu 12 ndiyo pafupifupi kutalika kwa chisanu chathu, kuchokera kumayambiriro a Juni mpaka kumapeto a Ogasiti.

Zofunika kuchita sizambiri ayi. Kunyonyomala ndi kudzuka mutanyamula chitsulo. Kukwera pa benchi ndi mwendo umodzi. Kutola chitsulo pansi msana uli wowongoka, chiuno chikugwira ntchito. Kukoka chitsulo kubweretsa pachifuwa, kuti mapewa abwerere m'mbuyo. Kugona chafufumimba mutatsamira zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili lowongoka ngati thabwa. Zimenezi zimatha m'mphindi 40. Chovuta ndi kuzichita molondola, ndipo apa ndi pamene ndalama yolipira mlangizi imakhala ndi phindu lenileni. Kupalasa munaphunzira muli ana, koma kutola makilogalamu 30 pansi popanda kuvulaza msana ndi luso lofuna maso a munthu wina. Choncho posankha kalasi ya zitsulo, werengani anthu. Mlangizi mmodzi sangayang'anire misana 30. Kagulu ka anthu 8 kapena 10 nkabwino kuposa holo yodzaza, ngakhale nyimbo zake zitakhala zosakoma.

Makalasi ena amasakaniza zonse, kudumpha, kunyamula ndi kuthamanga mosinthanasinthana popanda kupuma. Kwa wachinyamata wozolowera ndi abwino. Kwa wopalasa wa zaka 50 muli msampha, pakuti mtima wake ndi wolimba ndipo umamulola kupitiriza, pamene mitsempha ya kuchidendene ndi ya m'mawondo siinazolowere kudumpha. Amene wavulala mu Julayi sadzakwera njinga mu Seputembala.

Nanga aerobics, imene anthu a mu Lusaka amaikonda chotere, m'maholo ndi m'mabwalo Loweruka m'mawa? Nanga Zumba, gule wolimbitsa thupi amene anachokera ku Colombia? Zisanyozedwe. Zimafulumizitsa mtima, zimagunda mafupa pang'ono, zimaphunzitsa thupi kuyenda cham'mbali, chinthu chimene njinga siichita, ndipo kawirikawiri ndizo zotsika mtengo. Mphamvu ya kupalasa sizisunga monga spinning, koma munthu amene wavina chisanu chonse adzabwerera pa njinga ali patsogolo kwambiri pa amene anachithera pa mbaula. Pilates, masewera odekha amene Joseph Pilates wa ku Germany anakaphunzitsa ku New York kuyambira m'ma 1920, amathandiza msana ndi m'mimba, ndipo ndi oyenera amene msana umawawa akapalasa ola limodzi, koma paokha mtima sausunga.

MTUNDA NDI THUMBA

Ma jimu mu Lusaka alipo a mitundu yonse: a m'mahotela ndi m'misika ikuluikulu yamakono, a m'makalabu a masewera, ndi ang'onoang'ono a m'makomboni amene zitsulo zake zina anawotcherera ndi amisiri a pamsika. Kumpoto kwa mzinda, pafupi ndi bwalo la National Heroes, kuli Olympic Youth Development Centre imene inatsegulidwa mu 2010. Koma poyamba yang'anani mtunda. Wokhala ku Chelstone amene walembetsa ku jimu ya ku Kabulonga chifukwa anzake a ku ntchito amapita kumeneko adzapita mlungu woyamba ndi wachiwiri. Mlungu wachitatu adzakumbukira mzere wa magalimoto wa pa Great East, kuyambira pa Manda Hill kudutsa pa UNZA mpaka pa Munali, ndipo adzalunjika kunyumba. Wa ku Kabwata amene angathe kuyenda pansi mphindi 10 kutsata msewu wa Burma kukafika pa kajimu kopanda magalasi ndi makapeti ndiye adzamaliza chisanu chonse. Wa ku Woodlands wogwira ntchito ku Cairo Road afune malo amene ali panjira yake ya tsiku ndi tsiku, pakuti munthu akalowa m'nyumba madzulo a Julayi navula nsapato, satulukanso. Amayi aganizirenso za ulendo wobwerera: kalasi yotha 19:30 imatanthauza kuyenda mumdima, ndipo nkwabwino kukhala awiri kapena atatu a dera limodzi.

Musalipire miyezi itatu kapena chaka musanalawe. Safunsa anadya phula. Pemphani kulipira tsiku limodzi, mulowe kalasi imene mukuifuna pa ola lomwe muzidzabwera, muone ngati njinga zikukwanira anthu ndiponso ngati zomangira chishalo zikugwira. Funsani ngati makalasi ali m'kati mwa mtengo wa pamwezi kapena amalipiridwa padera. Funsaninso za magetsi. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo madera ambiri a mzinda ankakhala maola ochuluka a tsiku opanda magetsi. Makina othamangirapo amaima magetsi akazima, koma njinga ya spinning ndi chitsulo sizifuna magetsi. Chimene chimafunika ndi kuwala ndi mpweya, motero jimu ya mazenera akuluakulu otseguka ili ndi mwayi.

Ndalama ya jimu imachokera m'thumba lomwe mumachokera ya ufa, ya lendi ndi ya sukulu, ndipo nkoyenera kuti mwamuna ndi mkazi aikambirane. Kawirikawiri bambo ndiye amakhala ndi njinga yodula ndi khadi la jimu, pamene mayi, amene mwina ndiye dokotala anamuchenjeza, amatsala ndi mapoto. Ngati thumba lilola munthu mmodzi yekha, pali njira ina. Lipirani mlangizi kangapo kokha kuti akuphunzitseni nonse awiri kanyamulidwe koyenera, kenaka muzichitira pakhomo. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo sitepe ya pakhonde ndi benchi yokwanira.

Kwa amene angathe, mlungu wa m'chisanu ungayende motere: Lachiwiri njinga yoima, Lolemba ndi Lachinayi zitsulo, kenaka Loweruka njinga yeniyeni pamsewu. Ngati masiku a jimu ali awiri okha, tsiku lililonse ligawidwe pakati, zitsulo poyamba thupi lisanatope, njinga pambuyo. Ulendo wa Loweruka usasiyidwe, pakuti njinga yoima siphunzitsa kukhota, kugwira mabuleki pa mchenga, kapena kuyang'ana m'mbuyo osapatuka. Ndipo chisanu chathu nchachifundo: ikamakwana 09:00 dzuwa limakhala litafunda, kumwamba kulibe mtambo, ndipo msewu wa Leopards Hill umakhala wouma. Valani malaya awiri opyapyala m'malo mwa juzi imodzi yokhuthala, kuti limodzi mulivule pobwerera, ndipo botolo la madzi lidzazidwe ngakhale simukumva ludzu, pakuti mpweya wa Julayi ndi wouma. Fumbi la Ogasiti likayamba, tcheni chizipukutidwa ndi kansalu pambuyo pa ulendo uliwonse, ndipo mafuta muzithira ochepa, chifukwa ochuluka amagwira mchenga umene umadya tchenicho.